Za chiwotchi chija pakhomo pa sitolo ya mphete

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji sitolo yakale ya mphete ndi ndolo yomwe mwaijambula m'katauni kena ku Ohio, kuno ku America, ili ndi chiwotchi chachitsulo panja, pomwe masitolo oyandikana nayo alibe. Kuno ku Indiana nyumba zoterezi ndaziona zambiri, ndiye ndiyankheko.

Kale wogulitsa mphete ndiye analinso wokonza mawotchi, ndipo tauni yonse inkadalira iyeyo pa nkhani ya nthawi. Poyamba tauni iliyonse inkatchera wotchi yake potengera dzuwa, mpaka pa 18 November 1883 pomwe makampani a njanji anagwirizana zogawa dziko m'zigawo za nthawi. Koma chomwe chinawakweza ogulitsa mphetewa ndi ngozi. Mu April 1891 sitima ziwiri zinawombana ku Kipton, komweko ku Ohio, anthu n'kufa. Akuti wotchi ya woyendetsa sitima mmodzi inali itaima mphindi zinayi. Zitatero a njanji anaitana Webb C. Ball, wogulitsa mawotchi ndi mphete wa ku Cleveland, kuti akonze zinthu. Lamulo linali lakuti wotchi ya wantchito wa sitima isathamange kapena kutsalira kuposa masekondi 30 pa sabata, ndipo oyeza mawotchiwo anali eni masitolo ngati imeneyi. Ndiye chiwotchi chija chinali chikwangwani chonena kuti nthawi yoona ili pano. Mawotchi ambiri otere ankapangidwa ndi kampani ya E. Howard ku Boston kapena ya Seth Thomas ku Connecticut, koma pankhope pake pankalembedwa dzina la mwini sitolo.

Mukapitakonso, mukaime pakhomo. Nthawi zambiri chitseko chimakhala cholowera mkati, mawindo mbali zonse ziwiri, moti munthu wobisala mvula amapezeka akusirira mphete asanaganize n'komwe zogula. Pamwamba pa mawindo mukayang'ane timagalasi tamizeremizere, kalikonse pafupifupi masentimita 10 mbali zonse. Timeneto anatchuka nato a kampani ya Luxfer ya ku Chicago kuyambira cha m'ma 1897, ndipo ntchito yake inali kukhotetsa kuwala kwa dzuwa kuti kufike mpaka kumbuyo kwa sitolo, poti magetsi anali asanafale. Chondiwawa n'chakuti eni nyumba ambiri anatiphimba ndi zikwangwani zapulasitiki.

Mizati yachitsulo yakutsogolo kwa sitoloyo nthawi zambiri sankasula pompo ayi. Ankaitanitsa kuchokera m'kabuku ka malonda, n'kubwera pa sitima. Mukawerame m'munsi mwa mzati, mwina mupeza dzina lakuti Mesker, la osula mizatiyo a ku St. Louis kapena ku Evansville kuno kwathu.

Akakulolani kulowa, mukafunse za sefa, chibokosi chachitsulo chokhomeramo zinthu zamtengo wapatali. Madzulo aliwonse katundu yense wapawindo ankalowa mmenemo. Ina ndinaiona m'sitolo yomwe pano amagulitsamo khofi, ikadali pakona pomwe anaiika, asanjikapo makapu, poti palibe angainyamule.