Ulendo wa pa sitima yapamadzi: yambani ndi kachikwama ka m'manja

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mu June iwo ndi amuna awo akukwera sitima yaikulu ya alendo ku Barcelona, ndipo azungulira nyanja ya Mediterranean kwa sabata yathunthu. Funso lawo nali: "Ndamva kuti kumakhala usiku wotchena. Ndigule madiresi angati, nanga china chofunika kunyamula n'chiyani?"

Zikomo amayi pondilembera. Za kutchenazo ndifikako, koma ndiloleni ndiyambe ndi kachikwama ka m'manja, chifukwa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mukafika padoko, masutikesi mumasiyira onyamula katundu, ndipo amadzafika pakhomo la chipinda chanu patapita maola angapo, mwina mpaka madzulo. Nthawi yonseyo mumakhala ndi zomwe zili m'manja mwanu basi. Muikemo pasipoti, mapepala okwerera sitima, chaja ya foni, zovala zosinthira, zosambira ngati mukufuna kulowa m'dziwe tsiku lomwelo, ndiponso mankhwala onse amene mumamwa. Pa mankhwala ndikutsindika: akhale m'mabotolo ake enieni, ndipo mutenge oposa masiku a ulendowo, poti nyengo ikaipa sitima imatha kuchedwa. Chipatala m'sitima chimakhalamo, koma ndi chodula ndipo sichisunga mankhwala a mtundu uliwonse. Pasipotiyo muione lero lomwe. Makampani ambiri a sitima amafuna kuti ikhale ikadali ndi miyezi 6 ulendo ukatha.

Tsopano usiku wotchena. Pa ulendo wa sabata umakhalapo kamodzi kapena kawiri. Diresi imodzi yabwino ikukwanirani, kachiwiriko mungosintha ndolo ndi mpango. Abambo atenge thalauza yakuda, malaya a kolala ndi jekete, tayi ngati akufuna. Makampani ena, monga Cunard, amalimbikirabe suti, pamene ena anafewetsa kwambiri lamuloli, choncho werengani zimene kampani yanu yalemba. Wosafuna kutchena amakadya kumalo odzitengera chakudya, ndipo palibe amamufunsa. Masiku enawo chimene amakana madzulo m'chipinda chodyera ndi zosambira, kwinanso ndi kabudula yemwe.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi kumtunda, chifukwa masana ambiri mudzakhala mutatsika. Misewu ya mizinda yakale ngati Rome ndi yoyala miyala, ndipo mudzayenda mtunda wautali dzuwa likuswa mtengo. Nsapato zatsopano zisiyeni, zidzakutupitsani matuza tsiku loyamba lomwe. Tengani zimene mapazi anu anazolowera kale, zapansi pogwira bwino, zomwe sizingaterere pamalo onyowa a m'sitima. Ku tchalitchi cha St Peter ku Vatican salowetsa munthu amene mapewa kapena mawondo ali pamtunda, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ndipo matchalitchi ena ambiri ku Italy amachitanso chimodzimodzi. Mpango wopepuka m'chikwama umathetsa vutoli. Womwewo udzakuthandizani mkati mwa sitima, momwe makina oziziritsa amazizira kwambiri, komanso usiku pamwamba pake, pomwe mphepo imaomba ngakhale m'chilimwe. Juzi imodzi isasowe. Chipewa chikhale cha chingwe, apo ayi mphepo ichitengera m'nyanja.

Kwa ena amene mukuwerenga, malo asintha zonsezi. Wopita ku Alaska, komwe sitima zimayenda kuyambira May mpaka September, atenge zovala zovala mophatikiza ndi jekete yosalowa madzi. Wopita ku Caribbean asiye chovala chilichonse cha mawangamawanga ngati cha asilikali, chifukwa ku Barbados ndi ku Jamaica n'choletsedwa kwa anthu wamba, ngakhale ana.

Pali zina zimene amalanda polowa m'sitima: simbi, kandulo, ketulo, ndi zingwe zogawira magetsi zokhala ndi kachipangizo koteteza mphamvu ikakwera. Chifukwa chake ndi moto, womwe panyanja amauopa kuposa china chilichonse. Ndiye sankhani nsalu zosakwinyika msanga, muzikulunge m'malo mozipinda, ndipo yokwinyika muikoleke kubafa pamene mukusamba madzi otentha. Chipinda chimakhala chaching'ono, koma makoma ake ndi achitsulo, motero tizokolekera ta maginito timakupatsani poika zipewa ndi zikwama. Masoketi ndi ochepa, ena a ku America ena a ku Ulaya, choncho adaputa ikhalepo. Ngati mumachita nseru pagalimoto, funsani dokotala za mapiritsi a chizungulire musananyamuke, ndipo muwamwe sitima isanayambe kuyenda, osadikira kuti mudwale. Foni muiike pa airplane mode, yomwe imazimitsa netiweki, mukachoka padoko, chifukwa netiweki ya panyanja imadya ndalama moopsa.

Usiku womaliza adzakuuzani kuti muike masutikesi panja pa chitseko musanagone, ndipo mudzawaonanso mutatsika kale. Musanawatseke, patulani zovala ndi nsapato za m'mawa, mswachi, mankhwala ndi pasipoti, mubwezere m'kachikwama ka m'manja.