Kwa achemwali ofunsa za opaleshoni yokulitsa matako

Achemwali, mwati mng'ono wanu wasunga ndalama zoti apite ku Turkey akamuchotse mafuta apamimba n'kuwaika kumatako, ija akuti BBL, ndipo omutsatsa malondawo amuuza kuti n'zosavuta, sabata imodzi wabwerako. Mukufunsa ngati mumuletse. Ndawerenga ndemanga zonse pamwambapa. Ena akumunyoza, ena akuti akamuika pulasitiki m'thupi. Ine ndine namwino kuno ku England, mu wodi ya anthu ochitidwa opaleshoni, ndipo ndasamalirapo azimayi obwera ku maulendo amenewa, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono.

Za pulasitikizo ayi. Dzina la ntchitoyi, plastic surgery pa Chingerezi, linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kuumba, monga muja mayi aumbira mphika. Luso lake linakula pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene dokotala Harold Gillies ankakonza nkhope za asilikali ovulala ku Sidcup, kuno ku England, kuyambira 1917. Ndi luso lomwelo limene limasoka mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika, monga amachitira a bungwe la Operation Smile kwathu ku Malawi, kapena kuwongola dzanja la munthu wakhunyu amene anagwera pamoto. Choncho ntchitoyi si yaufiti kapena ya anthu oyendayenda, monga ena alembera. Koma ndi opaleshoni yeniyeni: amakugoneka tulo, amakuboola, magazi amatuluka. Amene akumuuza kuti zili ngati kupita ku saluni akumunamiza.

Mvetsani mmene amachitira. Amalowetsa kapaipi kachitsulo pansi pa khungu la pamimba ndi m'nthiti n'kupopa mafuta, amawasefa, kenako amawabayira kumatako. Vuto lili pakubayirapo. Mkati mwa mnofu wa matako mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Kapaipiko kakangolowa mwakuya n'kung'amba mtsempha, mafuta amayenda ndi magazi mpaka ku mtima ndi m'mapapo, n'kukatseka njira. Munthu amatha kufera pabedi pomwepo madokotala akuona. Kafukufuku wa madokotala a ku America wa mu 2017 anayerekeza kuti pa anthu pafupifupi 3,000 ochitidwa opaleshoniyi, mmodzi ankamwalira. Mu 2018 bungwe la madokotala a ntchitoyi kuno ku Britain linapempha mamembala ake kuti ayambe asiya kaye, ndipo linadzalola mu 2022 pokhapokha mafutawo aikidwe pansi pa khungu basi, osafika mumnofu, dokotala akuyang'ana pa makina a sikani. Ku Florida nako, ku America, mu 2022 anachita kuika malire oti dokotala asapitirire anthu atatu patsiku, chifukwa zipatala zotchipa zinkangowalowetsa motsatizana ngati matumba pachigayo, dokotala atatopa.

Ndalama nazo si chishango. Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa nthawi imeneyo, anamwalira ku Spain mu 2005 atachitidwa opaleshoni yochotsa mafuta, ndipo khoti linadzapeza dokotala wake wolakwa.

Koma chimene ine ndimaona kwambiri ndi maso anga si imfa, ndi za pambuyo. Tinalandirapo mayi wina wachitsikana, wa ana awiri, patatha masiku khumi chibwerereni. Anabwera akuyenda chowerama, thupi lotentha, atavala chovala chothina chija amawapatsa, chitanyowa mbali imodzi. Titachidula ndi sizasi, fungo linadzaza chipinda. Thako lakumanzere linali lofiira, lolimba ngati mwala, mafinya akutuluka pa kabowo kakang'ono ngati kambewu ka chimanga. Nambala ya WhatsApp ya amene anamukonzera ulendo inali itasiya kuyankha. Anabwerera ku fiyeta kawiri kukachotsa mnofu wowola, anagona chafufumimba milungu itatu ali pa diripi. Tsiku lililonse ndikamatsuka bala ankandigwira mkono n'kunena kuti, "Sisitala, musawauze amayi anga." Mawu amenewo mpaka lero amandipweteka, chifukwa manyazi ndi amene anamuchedwetsa kubwera kuchipatala.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, musamuseke kapena kumukalipira pagulu. Mukatero adzangonyamuka mobisa, ndipo zikadzavuta adzabisanso.

Pali zina zoti adziwe. Mafuta oikidwawo sakhala onse, ena thupi limasungunula m'miyezi yoyamba, ndiye zithunzi za pa Instagram zojambulidwa thupi likadali lotupa zisamukope. Milungu ingapo sadzakhala pansi bwinobwino, ndiye ulendo wa pandege wa maola ambiri uja adzayenda bwanji? Kukwera ndege bala lili laliwisi kumawonjezeranso ngozi yoti magazi aundane m'miyendo. Kupopa mafuta si njira yochepetsera thupi. Ndipo khungu lathu lakudali limakonda kuchita zipsera zotupa zija zimakula kuposa bala lenileni. Ayang'ane pamene anabooledwa makutu kapena pa bala lililonse lakale. Ngati panatupa, aganize kawiri. Majekiseni ndi mapiritsi okulitsa mahipi ogulitsidwa m'masaluni ndi pa Facebook aja ndiye asayerekeze n'komwe, palibe amene amadziwa zili mkatimo.

Iye ndi wamkulu, thupi ndi lake, simungamumange. Koma khalani naye pansi awiriwiri, mumufunse dzina la dokotala amene adzagwire chitsulocho, osati dzina la kampani, ndipo aone ngati dzinalo lili m'kaundula wa boma la dzikolo. Walankhulapo naye dokotalayo, kapena amangocheza ndi wotsatsa malonda? Anamufunsa za BP, shuga, kuchepa kwa magazi, fodya ndi mankhwala olerera? Amene akufuna dipoziti asanafunse zimenezi akufuna ndalama zake basi. Afunsenso ngati pamalopo pali ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, komanso ngati mafuta adzaikidwe pansi pa khungu pogwiritsa ntchito sikani.

Funso lomaliza ndi limene ambiri alibe yankho lake: akadzabwerera ku Lilongwe bala n'kuyamba kuwola usiku, adzathamangira kwa ndani, ndipo ndalama yake yatsala? Madokotala a luso limeneli kwathu ndi owerengeka, ndipo ali kale ndi mzere wa ana opsa ndi moto. Mumuonetse zimene ndalembazi. Ngati ali ndi funso alembe pansipa ngakhale mosatchula dzina, ndiyankha ndikaweruka mawa m'mawa.