Miyendo ya achimwene yafooka atangochira kutsegula m'mimba: kodi apondera mankhwala?

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Ndaifupikitsa: "Achimwene anga ndi asodzi, bambo amphamvu zawo. Masabata awiri apitawo anatsegula m'mimba masiku atatu, n'kuchira. Loweruka anayamba kudandaula dzanzi kuzala zakumapazi. Lamlungu patapata zimangowavuka iwo osadziwa. Pano kuti adzuke pampando mpaka tiwagwire mbali zonse. Ena akuti apondera mankhwala kudoko, ena akuti ndi sitiroko. Titani?"

Mayi, pezani galimoto lero lomwe mupite nawo kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima. Zotsatirazi muwerengere m'njira.

Matenda satchulidwa pa imelo, amatchulidwa ndi dokotala yemwe wamugwira wodwalayo. Koma mmene mwafotokozeramu, pali nthenda imodzi yomwe ndikufuna muidziwe dzina, Guillain-Barré syndrome, mwachidule GBS. Dzinali ndi la madokotala awiri a ku France, Georges Guillain ndi Jean Alexandre Barré, omwe pamodzi ndi André Strohl anaifotokoza mu 1916 ataiona pa asilikali awiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Si yofala: pa anthu 100,000 imagwira mmodzi kapena awiri pachaka. N'chifukwa chake kumudzi ikagwa anthu amathamangira kunena za ufiti, poti sanaionepo.

Chimachitika n'chiyani? Munthu akadwala m'mimba kapena chimfine, chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi tizilombo. Mwa anthu ochepa chitetezocho chimasokonezeka, tizilombo titatha kale, n'kutembenukira mitsempha yomwe imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. Munaonapo waya wa sola atatafunidwa ndi khoswe? Batire ili bwino, babu lili bwino, koma m'nyumba muli mdima. Ubongo wa achimwene ukulamula mwendo kuti uyende, uthengawo ukuthera panjira. Kachilombo komwe kamatchulidwa kwambiri ndi Campylobacter jejuni, kopezeka mu nkhuku yosapsa bwino ndi m'madzi osatetezedwa. Odwala GBS awiri mwa atatu alionse amakumbukira kuti anadwalako chinachake masiku kapena masabata angapo m'mbuyomo. Choncho kutsegula m'mimba kuja musakuiwale pofotokozera dokotala, ngakhale asakufunseni.

Chomwe chimaisiyanitsa ndi sitiroko ndi kayendedwe kake. Sitiroko imagwa mwadzidzidzi, kawirikawiri mbali imodzi: mkono ndi mwendo wakumanja, kapena wakumanzere, pakamwa n'kupotoka. GBS imagwira mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo nthawi zambiri imayambira pansi n'kumakwera. Lero dzanzi ndi kunyerenyetsa kumapazi, mawa munthu akulephera kukwera kakhonde, mkuja mikono yalowa, batani la malaya likumukanika, mbamu ya nsima ikugwa m'manja. Ambiri amamvanso kuwawa kwambiri msana ndi ntchafu, makamaka usiku. Dokotala akagogoda pabondo ndi kanyundo kake, mwendo sudumpha. Nzeru zimakhala zili bwinobwino, wodwala akumva zonse mukulankhula, choncho samalani pakamwa mukakhala pambali pake.

Pondiopsa ine ndi pachifuwa. Minofu yomwe imatithandiza kupuma nayo imalamulidwa ndi mitsempha yomweyo, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amafika pofunika makina opumira. Nthendayi imafika pachimake mkati mwa masabata awiri kapena anayi, koma kwa ena zimasintha usiku umodzi. Yang'anirani izi: akutsamwa akamamwa madzi, mawu asintha, malovu akudontha, diso silikutsekeka, akulephera kudzutsa mutu papilo, akupuma mwabefu atangolankhula mawu ochepa, mtima ukuthamanga kenako n'kuzilala. Muwauze akoke mpweya wambiri kenako awerenge mokweza, wani, thu, fili, osapumira. Akalephera kufika 20, uzani namwino nthawi yomweyo, musadikire kuti dokotala adutse m'mawa. Zikavuta chonchi amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipinda cha odwala mwakayakaya. Ulendo wa makilomita pafupifupi 100 umenewo ndi wabwino kuuyenda munthu akupuma yekha.

Kuchipatala angafune kutenga madzi a pamsana kuti awayeze. Ndikudziwa mphekesera zoti jakisoni wa pamsana amapha. Musakane. Madzi amenewo amathandiza kusiyanitsa GBS ndi matenda ena ofooketsa miyendo, monga TB ya msana. Mankhwala odziwika ndi awiri, dilipi ya immunoglobulin (zoteteza thupi zotengedwa m'magazi operekedwa ndi anthu ena) yomwe imaperekedwa masiku 5, ndi kusefa magazi pamakina. Zonsezi n'zodula ndipo m'mayiko ngati lathu sizipezeka chisawawa, koma chisamaliro cha kapumidwe, kadyedwe ndi kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda chimapulumutsa ambiri. Ambiri amayendanso pakatha miyezi 6, ena chaka, mafizo akuthandizira. Ena amatsala ndi kufooka pang'ono.

Za kwa asing'anga sindikangana ndi akuluakulu a kwanu, koma mphini sizipumitsa munthu chifuwa chikaima, ndipo kumwetsa zitsamba munthu wotsamwa kumalowetsa madziwo m'mapapo.

Kwa ena owerenga: mwana wosakwana zaka 15 akafooka miyendo mwadzidzidzi, dziwitsani alangizi a zaumoyo msanga, poti amayenera kuyezedwa poliyo. Mukukumbuka kuti mu February 2022 poliyo inapezeka mwa mwana ku Lilongwe.

Mayi, tengani buku lawo la kuchipatala, ndipo papepala lembani tsiku lomwe anatsegula m'mimba, tsiku lomwe dzanzi linayamba, ndi pomwe kufookako kwafika lero. Phala muziwapatsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Akatsokomola pomeza, siyani kaye mufunse anamwino.