Kwa adzukulu anga a kiriketi ku Zomba: za mkwiyo pabwalo

Adzukulu anga, mwandifunsa ngati woponya mpira ayenera kulalatira womenya kuti aoneke katswiri, poti ndi zomwe mukuona pa mafoni anu. Ayi, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Kanema wa masekondi makumi awiri amene mumatumizirana pa WhatsApp amadulidwa m'masewero a masiku asanu. Olemba nkhani amasankha pamene anthu akangana chifukwa ndi pamene pamagulitsa. Mu Disembala 2024 ku Melbourne, Virat Kohli wa ku India anagunda phewa la mnyamata wa ku Australia Sam Konstas, dziko lonse n'kuonerera. Chimene sichinafalitsidwe mofanana n'chakuti Kohli anamudula magawo 20 pa 100 alionse a malipiro ake a masewerowo, ndipo anamulembera pointi imodzi ya chilango. Ku ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, mapointi anayi m'miyezi 24 amakukhazika pansi Test imodzi (masewero a masiku asanu aja) kapena masewero awiri aafupi. Konstas tsiku lomwelo anamenya maranzi 60. Kugundako kunapindula chiyani?

Ngakhale pabwalo la sukulu, malamulo a MCC, kalabu ya ku London imene imalemba malamulo a kiriketi, amapatsa ampaya (woyimbira masewero) mphamvu zolanga khalidwe loipa kuyambira 2017. Kutukwana koyamba ndi chenjezo kwa timu yonse, kubwereza ndi maranzi asanu kwa timu inayo. Kugunda mnzako dala ndi maranzi asanu pompo. Ukaopseza ampaya akhoza kukutulutsa, timu n'kutsala anthu khumi.

Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi momwe mkwiyo umawonongera kaponyedwe. Wokwiya amathamanga mopitirira muyeso wake, phazi lakutsogolo n'kudumpha mzere. Imeneyo ndi no-ball, rani imodzi yaulere, ndipo mu masewero aafupi a T20 womenya amapatsidwanso free hit, mpira wotsatira umene sangatuluke nawo ngakhale wina ataugwira m'mwamba. Phewa limauma, mutu umagwera kumbali, mpira umagwa pafupi kwambiri ndi woponya n'kupita kutali ndi zitsa, womenya n'kuudula mosavutika. Paja ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mpira woopsa ndi umene wagwa mamita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuchokera pa zitsa za womenya, woloza nsonga ya chitsa chakunja, kasanu ndi kamodzi motsatizana. Mukamva magazi akuwira, bwererani pa chizindikiro chanu mwapang'onopang'ono, pumani, yang'anani pogwera mpira, osati nkhope ya munthu.

Za bawunsa, mpira wonjanja n'kulunjika kumutu kwa womenya, ndikupemphani ndi mtima wonse. Mpira wachikopa umalemera magalamu pafupifupi 160. Phillip Hughes, womenya wa ku Australia, anamwalira mu Novembala 2014 utamumenya pakhosi ku Sydney, atavala chisoti, woponyayo alibe ndi chidani chomwe. Mabwalo athu ambiri ndi osasalala, mpira umadumpha mosadziwika, makamaka nyengo ya mvula ikangotha. Mnzanu akakhala wopanda chisoti, musaponye wolunjika kumutu, ngakhale wakunyozani.

Akaputeni, udindo ndi wanu. Mwana akayamba kulalata, musinthe malo, mumutumize kumalire akazizire ova imodzi (mipira isanu ndi umodzi) kapena maova awiri. Womenya akatuluka, kondwerani ndi anzanu, osamulozera njira. Masewero akatha mupatsane moni m'manja, kuyambira ndi ampaya.