Makadi akale a azimayi a zisudzo: musanagule, yezani kaye

Achemwali, mwafunsa za makadi a zithunzi za azimayi ochita zisudzo amene mwawaona pamsika wa zinthu zakale ku London, kuti mungadziwe bwanji zaka zake ndiponso oyenera kugula ndi ati.

Pitani ndi rula. Khadi la masentimita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 10 m'litali ndi carte de visite, mtundu umene wojambula zithunzi Disdéri analembetsa ngati luso lake ku Paris mu 1854, n'kufala kwambiri m'ma 1860. La masentimita 11 ndi 16.5 ndi cabinet card, limene linalanda msika m'ma 1870. Onse awiriwa nthawi zambiri ndi kapepala kopyapyala kopakidwa choyera cha dzira, komatidwa pa katoni, n'chifukwa chake amaoneka ofiirira. Dzina la wojambula limakhala m'munsi kapena kumbuyo. Mukawerenga Sarony wa ku New York kapena W. & D. Downey wa ku London, yang'anitsitsani, poti anali ojambula otchuka. Sarony ameneyu analipira Sarah Bernhardt, mayi wa zisudzo wa ku France, madola 1,500 kuti amujambule, poti nkhope ya munthu wotchuka inali itasanduka malonda.

Koma inu yambani ndi mapositikhadi a kampani ya Rotary, a azimayi a zisudzo a ku Britain monga Gabrielle Ray, Zena Dare kapena Lily Elsie. Anasindikizidwa ambirimbiri, motero sadula, ndipo diso limaphunzira msanga. Kumbuyo kukakhala mzere wolekanitsa uthenga ndi adiresi, khadilo si la chaka cha 1902 chisanafike, chifukwa ku Britain anayamba kuloleza zimenezi chaka chimenecho.

Ambiri amapusitsidwa ndi siginecha. Nthawi zambiri inajambulidwira limodzi ndi chithunzi. Pendeketsani khadi pa kuwala: inki yeniyeni imakhala pamwamba ndipo imanyezimira mosiyana ndi pepala. Tenganinso galasi lokulitsa zinthu kakhumi. Timadontho tondondozana pa carte de visite tikusonyeza kuti ndi kope la makina, lisiyeni.

Posunga, chonde musawamatire pulasitiki yotenthetsa, chifukwa siichokanso ndipo mtengo wa khadi umathera pomwepo. Selotepi ndi matumba a PVC zimadetsanso chithunzi. Lililonse likhale m'kathumba kake ka pulasitiki ya polypropylene, muwaimike m'bokosi, kutali ndi dzuwa limene limafufutitsa nkhope. Mukapita nawo kumudzi, nyengo ya dzinja ikani timapaketi ta silica gel, toyamwa chinyezi, m'bokosimo, apo ayi agwira chuku, ndipo mphemvu zimakonda guluu wakumbuyo.