Botolo lopanda dzinalo musathire mumowa

Achemwali, botolo akuti likupha thovulo liikeni kaye pansi, musathire ngakhale kadontho. Ine ndawerenga funso lanu lofunsa ngati mungathire mankhwala a m'botolomo mumowa wanu womwe ukusefukira thovu, mtima wachita kuti phwii, chifukwa zomwezo zinandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse kwathu kuno cha ku Ngabu, ndipo mpaka lero apongozi anga akamaona dramu amandiyang'ana cham'mbali.

Unali mwezi wa Novembala, tikumanga chiliza cha malemu apongozi aamuna. Mukudziwa mmene kumatenthera kuno nthawi imeneyo, madigiri kupitirira 40, usiku womwe mphasa kuchita kuotcha. Mowa anapatsa ine kuti ndifulule. Chimera cha mapira ndinachita kuyanika ndekha, phala ndinaphika bwinobwino, koma poti anthu anali ambiri ndinadzaza dramu ya malita 200 ija mpaka kutsala kachikhatho kamodzi kuti ifike pakamwa. Ndinaiika m'kanyumba kamalata, chitseko n'kutseka kuopa mbuzi.

Cha m'ma 2 koloko usiku mwana wanga akundigwedeza, ati amayi kukhitchini kukulira chinthu. Kutsegula chitseko, mayo ine! Thovu lakankha chivundikiro, likutsika m'mbali mwa dramu ngati phala losefukira, pansi ponse tapetape, lafika mpaka pa thumba la ufa wa nsima ya mawa lake. Kutentha kwa m'kanyumbamo ngati mu uvuni. Ndinayamba kuwola thovu ndi mbale, kuthira m'ndowa, kuwolanso, koma ukachotsa mbale imodzi likubwera la mbale zitatu. Chitenje chonse chonata, tochi ya foni ndaluma kukamwa, misozi ili chuchuchu. Ndinkangoona mowa wa anthu ukuthera m'dothi.

M'mawa mwake ndi pamene anatulukira bambo wina, mnzawo wa alamu anga, amene amati amagwira ntchito pa fakitale ina. Dzina sinditchula, akudzidziwa, mwinanso ali m'gulu momwe muno. Anabwera ndi kabotolo ka juwisi muli zinthu zoyera ngati mkaka, ati awa ndi mankhwala omwe makampani a mowa amathira, K8,000 basi, thirani theka la kapu. Ine ndi mantha aja sindinafunse kalikonse. Ndinathira. Pasanathe mphindi ziwiri thovu lonse linagwa zii, ine mpaka kumugwadira munthu kuthokoza.

Tsiku la chiliza akuluakulu atakhala pansi pa mtengo, chipanda choyamba chinapita kwa amalume awo a amuna anga. Anayang'ana, ananunkhiza, n'kufunsa kuti mowawu wafa liti. Pamwamba panali kamafuta konyezimira ngati pa chithaphwi cha pa galaja, fungo ngati la penti. Analawa pang'ono n'kulavula. Apongozi anangoti, “Mwana wanga, ukanangonena kuti sutha.” Mawu amenewo amandiwawa kuposa ndalama. Dramu yonse tinakathira kudzenje, amuna anga n'kuthamanga pa kabaza kukasaka mapaketi a Chibuku pa ngongole. Ndipo bambo uja? Anabwera, anadya nsima ndi nyama ya mbuzi, anamwa Chibuku chomwe tinagula chifukwa cha iyeyo, ndalama yanga mpaka lero sanabweze. Ndikamufunsa amati ndinachulutsa ndine. Theka la kapu ananena ndani? Anthu ena alibe manyazi ndithu. Pambuyo pake alamu anga anaulula kuti zinthu zija amathira m'matanki a madzi oipa a pa fakitale, si zolowa m'mimba mwa munthu ayi.

Mankhwala enieni opha thovu alipo, sindikukana. Mwana wa achimwene anga amene anaphunzira za zakudya anandifotokozera kuti amapangidwa ndi silikoni, dzina lake simethicone, yemwe amapezekanso m'mankhwala a ana akhanda akatupidwa m'mimba. Saletsa mowa kuwira, amangophulitsa timabulo ta thovu. Ofulula kunja amathira dontho limodzi kapena awiri pa malita 4 alionse, ndiye kuti dramu yanga ija sikanafuna kupitirira kasupuni kamodzi ka tiyi. Komanso mowa wa m'mabotolo amausefa mpaka kuyera, mankhwalawo amatsalira ndi nsenga. Masese athuwa timamwa ndi nsenga zomwe, ndiye chomwe wathira wamwa.

Thovulo palokha si matenda. Ndi mpweya womwe umatuluka mowa ukamawira, umakodwa m'zonata za chimera n'kufufuma. Kukatentha mowa umawira mothamanga, n'chifukwa chake anzathu a ku Thyolo kozizira akakuuzani kuti iwo amadzaza mbiya osasefukira musawamvere, kwawo si kuno. Gawani mowawo m'zotengera ziwiri, chilichonse musiye malo okwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Chotsani m'nyumba yamalata, ikani pamthunzi podutsa mphepo, kulungani dramu ndi ziguduli zonyowa, zikauma nyowetsaninso. Pamwamba vundikirani ndi nsalu yoyera, osati kumanga. Ngati muli m'chigubu musayerekeze kutseka chitsekerero, chimaphulika, ndipo mudzakolopa mpaka kudenga. Komanso ogula akaona masese opanda thovu amati ndi ogona, ndiye mukalipha lonse mwadziphera msika.

Ndiye ine ndikuti musathire kanthu kalikonse kosadziwika mumowa, olo munthu akulumbirireni bwanji. Koma chilungamo chake, ineyo masiku ano thovu likandiopseza usiku ndimadontheza mafuta ophikira pang'ono, kansonga ka supuni, ndipo limagwa. Amayi ena otcheza kachasu wa masau cha ku Bangula ndi omwe anandionetsa, iwo amathira kuti thovu lisakwere mu paipi n'kudetsa kachasu. Mukachulutsa mowa umamveka mafuta, ndiye samalani dzanja. Ndipo mukapeza mankhwala enieni aja, botolo lomata, lolembedwa kuti ndi a zakudya, ndi muyezo wake pomwepo, thirani, mundiuzenso komwe mwagula ndikagule anga. Lanulo tajambulani kaye mutitumizire muno tione ngati lili ndi pepala.