Nkhani ya mtsikana wa m'chombo yawayambanitsa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zolemba zanga kawirikawiri. Iwo ndi mnzawo anawerenga nkhani yaifupi yopeka ya sayansi yotchedwa The Cold Equations. Iwowo inawakhudza mpaka kusowa tulo, koma mnzawoyo anapsa mtima, nati: "Nkhani yanji yopanda chifundo, yongopha mwana pofuna kutiphunzitsa masamu?" Anakangana osamvana. Funso lawo ndi lakuti, kodi amene sanaimvetse nkhaniyi ndani?

Achemwali, mkangano wanuwo ndi wakale kuposa nonse awiri. Unayamba mu 1954, pamene Tom Godwin anatulutsa nkhaniyi m'magazini ya ku America ya Astounding Science Fiction, ndipo sunathe mpaka lero.

Kwa amene simunaiwerenge, ili motere. Kachombo ka m'mlengalenga kakupititsa mankhwala kwa amuna 6 amene ali kayakaya pa dziko lina lakutali. Mafuta anayezedwa mpaka kadontho komaliza, ongokwanira woyendetsa ndi katundu wake. Ali m'njira, woyendetsayo apeza mtsikana wa zaka 18 atabisala, akufuna kukaona mlongo wake. Kulemera kwake kokhako ndi kokwanira kuti mafuta athere panjira. Akakhalamo, afa iye, woyendetsa, ndi odwala aja. Ndiye mtsikanayo alemba makalata otsanzika, alankhula ndi mlongo wakeyo pa wailesi, kenako alowa yekha pakhomo lotulukira kunja kopanda mpweya.

Godwin mwiniwake sankafuna kuti mtsikanayo afe. Ankapeza njira zomupulumutsira, koma mkonzi wa magaziniyo, John W. Campbell, ankamubwezera nkhaniyo mpaka anagonja. Choncho munthu woyamba kukana mapeto amenewa anali mlembi yemwe. Mnzanuyo ali ndi mboni yamphamvu.

Ine nditaiwerenga koyamba ndinali ngati inu. Ndinatseka buku, kukhosi kutatsamwa, n'kungokhala phee. Patapita zaka ndinaibwereza, ndipo ulendo uno ndinapsa mtima. Ndinayamba kufunsa zimene owerenga ambiri afunsapo. Chombo chanji chimene chimanyamuka osachifufuza m'kati? Pakhomo angoikapo chikwangwani choletsa kulowa, basi? Ndi injiniya uti amene amapanga chinthu chonyamula moyo wa anthu osasiyako mafuta apadera? Bwanji osataya zitsulo zina za m'katimo? Nkhaniyo imanena kuti wapha mtsikanayo ndi malamulo a chilengedwe, amene samvera misozi. Ine ndimaona kuti anamupha ndi anthu oumira amene anapanga chombocho, chilengedwe n'kungosenzetsedwa mlandu.

Koma taonani chimene chachitika. Ndakhala pansi kuwerengera kulemera kwa mpando ndi chitseko pofuna kupulumutsa mtsikana amene sanakhaleko n'komwe. Nkhani yopanda mphamvu singakuchititse zimenezo. Ena anafika polemba nkhani zawo zoyankha: mu 1991 Don Sakers anatulutsa yake m'magazini yomweyo, imene panthawiyo inali itasintha dzina kukhala Analog, ndipo m'nkhani yakeyo woyendetsa amapeza njira, ngakhale yowawa kwambiri.

Zoterezi zimachitika ndi nkhani zambiri zimene msana wake ndi ganizo limodzi lolemera. Mu 1973 Ursula K. Le Guin analemba nkhani ya mzinda wopeka wa Omelas, kumene aliyense amakhala mosangalala malinga mwana mmodzi akhale wotsekeredwa m'kachipinda kauve. Onse amadziwa. Ena amavomereza, ena amangonyamuka n'kuchoka mumzindamo. Nkhaniyi inapata Hugo, mphoto yotchuka ya nkhani zopeka za sayansi, mu 1974, komabe owerenga ena amaikwiyira: kuchokako kumamuthandiza chiyani mwanayo? N. K. Jemisin anayankha mu 2018 ndi nkhani ya anthu amene amatsala kuti alimbane nazo.

Kufupika kwa nkhanizi ndi kumene kumautsa mkwiyo. M'buku lalitali mlembi amakhala ndi malo okutonthoza, kukudziwitsa anthu ake, kukutsegulira kanjira kothawira. Nkhani ya masamba ochepa imakutsekera m'chipinda ndi funso limodzi, n'kuchotsa dala zonse zimene ukanagwira. Wowerenga wina amalola kutsekeredwa, n'kumva ululu wa funsolo. Wina amayamba kugogoda makoma kufuna pobowoka. Inu ndinu woyambayo, mnzanu ndi wachiwiriyo, ndipo nonse munaiwerenga bwino.

Pamene ndingatsutsane ndi mnzanu ndi pa mawu akuti yopanda chifundo. Zilipo nkhani zouma zenizeni, zimene anthu ake amangolankhula ngati aphunzitsi awiri akufotokozerana zimene onse akuzidziwa kale. Zimenezo ndimaziiwala ndisanatseke tsamba. Ine ndimayesa ndi funso ili: kodi ganizo la mlembi lagwera pa thupi la munthu wina? Mu nkhani ya Godwin lagwera pa mtsikana amene ankaganiza kuti akagwidwa angolipira chindapusa. Gawo lalikulu la nkhaniyo ndi iyeyo akuyesetsa kumvetsa kuti watsala ndi kanthawi kochepa. Pamenepo chifundo chilipo chambiri. Chimene chikusowa ndi chilungamo, ndipo mwina ndi chimene mnzanuyo amatanthauza.

Mukakumananso musayambe ndi kufunsa ngati anaikonda. Muuzeni kuti iye ndiye woyendetsa, mafuta ndi omwewo, odwala 6 akudikira, ndipo mtsikana wakhala pampando pafupi naye. Mufunseni chimene angataye choyamba. Mudzandilembere zimene adzayankhe, chifukwa ine ndimayambira pa chitseko cha kachipinda kamene mtsikanayo anabisalamo, ndipo masamu ake sanandikwanirepo.